A Ellard, Satana wa ku Chilobwe

Mukafika ku Chilobwe n'kufunsa kuti kwa a Ellard ndi kuti, anthu angokuyang'anani. Koma mukangoti mukufuna kwa a Satana, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika akulozerani osadzutsa mutu: tsikani ndi kanjira ka kuseri kwa chigayo, mukamva kugogoda kwa malata ndiye kuti mwafika. Dzinali eni ake amalivomera bwinobwino. M'dera lonselo ndine ndekha amene sindinawaitanepo choncho, chifukwa ndine Msilamu, ndipo dzina la Shetani ife sitilitafuna pakamwa ngati chingamu. Ndimawaitana kuti alamu, popeza malemu akazi awo, Annie, anali mnzanga woposa m'bale.

Ine ndine Amisa, telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina ku Limbe, koma ndimakhala ku Chilobwe, ndipo mpanda wa kwathu ndi wa kwa a Ellard ndi umodzi. Tinayamba kuyandikana ndili ndi mimba ya mwana wanga woyamba, Shukri, amene pano ndi bambo wa ndevu zake. Choncho zimene ndikunenazi sindinazimve m'minibasi ayi, ndinaziona ndi maso angawa.

Agogo awo a Ellard anachokera ku Mozambique, anawoloka pa Muloza wapansi kudzathyola tiyi ku Mulanje. Bambo awo anakwera m'tauni kudzagwira yaulonda, ndipo iwo anabadwira ku Chilobwe konko. Chilomwe chimene anatsala nacho n'cholonjera ndi chokalipira mbuzi basi. Ali mnyamata analowa ntchito pa fakitale ina ku Makata, yopanga mapoto ndi zitini, ndipo kumeneko ndi kumene manja awo anazolowera malata. Ndi munthu wamtali mochita kuwerama pakhomo, mawu aakulu ngati injini ya chigayo, dzino limodzi lakutsogolo kulibe. Mukawaona koyamba mutha kupatuka panjira. Koma abale inu, munthu ameneyu nkhuku yokha sangaphe. Kunyumba kwawo wopha nkhuku anali Annie, iwo ankathawira kuseri kwa bafa.

Mpingo wawo uli ndi mwambo wake. Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amachita msonkhano wa chitsitsimutso pabwalo la tchalitchi, ndipo tsiku lomaliza masana pamakhala sewero la chiweruzo. Kumabwera Chilobwe yense, Akhristu a mipingo ina, zidakwa, ngakhale ife Asilamu timaima chakumpanda. Pakati amaika mpando pamwamba pa tebulo, pokhala woweruza, amene amafunda nsalu yoyera. Kudzanja lake lamanja amapachika nsalu ina yoyera, ndiko kumwamba. Kumanzere amapachika yofiira, kuseri kwake n'kuyatsa matayala akale kuti utsi wakuda uzituluka, ndiye Gehena ameneyo. Kenako akufa amabwera mmodzimmodzi: mayi wopemphera, wakuba, bwana wakatangale, mfiti, chidakwa, mayi wotcheza kachasu. Woweruza akaloza kumanja, kwaya imaimba. Akaloza kumanzere, Satana amatumphuka kuseri kwa nsalu yofiira, kuseka chikhakhali, n'kumukoka munthuyo akukuwa mpaka kumoto wosatha.

Satana ameneyo anali a Ellard kuyambira asanakwatire. Nyanga anadzipangira okha ndi malata, foloko yaikulu anaipinda kuchokera ku chitsulo cha pa mawindo, kumaso ankapaka mwaye wosakaniza ndi mafuta ophikira. Ovolosi yofiira ya mchira wopakira sanza ndinkasoka ndine. Amuna anga a Kalimu ankanena kuti, "Iwe, mkazi woswali kasanu patsiku, ukumusokera Shetani buluku?" Ine n'kuwayankha kuti inunso mukayendetsa lole simufunsa kuti katunduyo akukadyedwa ndi woyera mtima kapena ndi mbava. Ndipo sewerolo a Ellard ankalitha, zoona. Ana ankadzikodzera, akuluakulu ankalapa pomwepo, ena kutaya fodya ali chiimire.

Annie anali wamfupi, wonenepa pang'ono, woseka mokweza mpaka agalu kuuwa. Chimene anthu ankamudziwira ndi mawu. Mumpingo mwawo ndiye anali woyambitsa nyimbo pa maliro. Bokosi likamatuluka m'nyumba, Annie ankakweza mawu yekha, amayi ena n'kulandira. Anaperekeza anthu ambiri a ku Chilobwe ndi mawu amenewo, olemera ndi osauka, ngakhale amene ankamunena. Nyimbo yotulutsira bokosiyo ankaikonda moti ankaiimba pochapa, ine ndili kuseri kwa mpanda ndikumukalipira kuti mayi iwe, ukutiitanira maliro m'mawa uno? Amuna ake ndiye kuimba kunali kutali nawo. Akati ayesere m'tchalitchi, Annie ankawagunda ndi chigongono kuti angoyendetsa milomo.

Kenako fakitale ya ku Makata ija inatsekedwa. A Ellard anayamba kukhoma mbaula ndi ndowa pakhomo, koma masiku oyambawo ogula kunalibe, ndipo mwana wawo Patricia anali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Annie sanali mkazi wokhala pansi n'kumadandaula. Anagula madeya ndi shuga, n'kuyamba kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Paipi yotchezerayo anamupangira ndi a Ellard omwewo, ndi manja awo. Ine kachasu ndimadana naye, chipembedzo changa chimaletsa, ndipo ndinamuuza Annie pamaso kuti zimenezi n'zonyansa. Iye anati, "Ndamva, Amisa. Ndiye Patricia adye ulaliki wako?" Ndinalibe choti ndimupatse m'malo mwake.

Anali ndi chitenje china chimene ankachikonda, cha buluu chokhala ndi nkhanga zachikasu. Tsiku lina nkhuni yoyaka inachiboola cham'munsi, ndipo anabwera nacho kwa ine. Kansalu ka buluu ndinalibe tsikulo, ndiye ndinaika chigamba chobiriwira, chotsala pa yunifolomu ya mwana wasukulu. Annie anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti nkhanga zake ndazipatsa dimba. Anapitiriza kuchivala choncho, ndipo aliyense wa mumzere mwathu ankachidziwa.

Nkhani ya kachasu inawapeza akulu a mpingo. Anamuitana Annie, n'kumudula. Kudulidwa ndiye kuti mgonero sudya, yunifolomu ya amayi suvala, nyimbo suyambitsa, ndipo ukafa uli choncho mpingo subwera kudzakuimbira. A Ellard sanawakhudze, paja wopanga paipi alibe mlandu, mlandu ndi wa wosonkha moto. Mxii! Mpaka lero ndikaganiza zimenezo mtima umandiwawa. Patricia atamaliza sukulu, Annie anaphwanya mphika wa kachasu uja, n'kuyamba kalasi ya obwerera, imene munthu wodulidwa amaphunzira miyezi ingapo asanamulandirenso. Ankapita mokhulupirika, atakhala pabenchi limodzi ndi atsikana otenga mimba zapathengo, mayi wamkulu ngati uja. Kalasiyo itatsala pang'ono kutha, m'mawa wina anagwa pampope akutunga madzi. Pofika naye kuchipatala anali atapita kale.

Mkulu wa mpingo nthawi imeneyo anali a Namakhwa, munthu wosaseka, yemwenso ankakhala woweruza m'sewero lija. A Ellard anapita kukawagwadira. A Namakhwa anati lamulo ndi lamulo, mayiyo anamwalira asanalandiridwe, ndipo akaphwanyira mmodzi ndiye kuti aphwanyira onse. Amayi a mumpingo anabwera pamaliropo, inde, koma atavala zitenje wamba, atauzidwa kuti asaimbe.

Kwathu ku Chisilamu kulibe makwaya pa maliro, koma munthu sapita chete. Amuna amamuswalira, amanyamula jeneza, chonyamulira maliro chathu, akutchula dzina la Mulungu njira yonse. Chete amene ndinamumva tsiku limenelo sindinamumvepo kwina. Bokosi la Annie linatuluka pakhomo paja tikumva mapazi a onyamula ndi kulira kwa Patricia basi. Amayi aja anaweramitsa mitu, wina aliyense akudikira kuti mnzake ayambe, koma woyambitsa ndi amene anali m'bokosimo. Ndinawaona a Ellard atatsegula pakamwa, kutseka, kutsegulanso. Palibe chinatuluka. Mkazi amene anaimbira Chilobwe yense anapita kumanda ngati katundu.

Maliro atatha, abale anagawana zovala za malemu monga mwa mwambo, ndipo moyo unapitirira. Tonse tinkaganiza kuti a Ellard sadzapondanso pa tchalitchi paja. Koma Okutobala wotsatira atayandikira, ndinangoona atulukira pakhonde langa ku Limbe, ovolosi yofiira ili m'jumbo, akuti yayamba kukhwepa, ndiibweze m'chiuno. Ndinawalusira pomwepo.

"Alamu, mulibe manyazi? Anthu anakutayirani mkazi ngati galu, inu mukukawavinira ndi mchira?"

Anavala ovolosiyo pamwamba pa zovala zawo, n'kuimirira kuti ndiyeze. Ndili ndi mapini pakamwa, ndinamva akufunsa chapansipansi.

"Mayi a Shukri, kwanu kuja amati chiyani za moto? Umatha?"

"Moto wake uti?"

"Mukuudziwa."

Ndinalavula mapini aja m'manja. Ndinati ine si shehe, koma zimene ndinaphunzira ku madarasa ndili mwana n'zakuti Jahannamu iliko ndithu, ndipo si malo ocheza. Koma Shetani si mwini wake ayi. Nayenso ndi mkaidi, adzaponyedwamo ngati wina aliyense. Wolowetsa ndi wotulutsa ndi Mulungu yekha, ndipo chifundo chake n'chachikulu kuposa mkwiyo wake.

"Ndiye kuti ngakhale Satanayo sangatsegule chitseko?"

"Sangatsegule."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. "Kwathunso Buku limatero. Koma m'sewero muja ndimakhala ngati mwini nyumba." Kenako anayang'ana kumsewu, kumene maminibasi ankaitanira anthu a ku Bangwe, n'kunena zimene sindidzaiwala. "Anthu amati Annie ali kumeneko. A Namakhwa sananene ndi pakamwa, koma chete uja ankatanthauza chiyani? Ndiye mumpingo monse muja, wololedwa kulowa kuseri kwa nsalu yofiira n'kutulukanso ndine ndekha. Ndimusiyire wina malo amenewo? Ndikudziwa kuti kuli matayala ndi mtengo wa mango basi, sindine wamisala. Koma ndikalowa ndikufuna ndiziyang'ana uku ndi uku."

Ndinawakalipira kuti amenewo ndi maganizo opusa, kuti Annie sali pamoto uliwonse, kuti a Namakhwa si amene amagawa malo kumwamba. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, n'kufunsa kuti, "Mwatsimikiza?" Kunena zoona, ine kumeneko sindinafikeko. Ndinabweza ovolosiyo misozi ikugwera pa makina.

Kuyambira chaka chimenecho Gehena wa ku Chilobwe anasintha. Pabwalo a Ellard anali Satana yemwe uja, woopsa, wa chikhakhali. Koma kuseri kwa nsalu yofiira ankakonzeratu benchi pamthunzi wa mango, kutali ndi utsi, ndowa ya madzi ozizira, ndi chigubu cha thobwa chimene ankagula okha. Akamukoka munthu mpaka kuseriko, ankamukhazika pansi, kumupatsa kapu, n'kumufunsa ngati sanamupweteke dzanja. Achinyamata a sewerolo anayamba kulimbirana kukhala ochimwa, poti kumwamba kunalibe mthunzi, olungama ankangoima padzuwa atavala zoyera thukuta lili kamukamu, akumva anzawo akuseka ku Gehena. Anthu ankaiseka nkhaniyi. Ine sindinkaseka, chifukwa ndinkadziwa amene ankamukonzera benchilo. Ndinkaonanso kuti ikafika nthawi ya mayi wotcheza kachasu, a Ellard sankaseka chikhakhali chija. Ankangomugwira pamkono n'kuyenda naye msangamsanga.

Zaka zinapita. Patricia anakwatiwa ku Kanjedza, ndipo anawapempha bambo ake kuti akakhale naye, koma anakana. Akazi amasiye a mumpingo anayesa kuwatumizira ndiwo, mbale zinkabwerera zotsuka bwino popanda mawu ena. Madzulo dzuwa likamapendeka ndinkawamva kuseri kwa mpanda akukhoma malata, ndipo nthawi zina nyundo inkasiya, n'kumveka kung'ung'udza kosalongosoka, kokwera pamene nyimbo imatsika. Zinanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti akuyesa nyimbo ya Annie ija, yotulutsira bokosi. Ankalephera pamalo amodzimodzi, n'kuyambiranso. Sindinawauzepo kuti ndimamva.

Chaka chathachi m'gulu la sewero munalowa Ida, mwana wa mng'ono wake wa Annie, mng'ono amene anakwatiwira ku Chilobwe konkuno. Pamene mayi ake aakulu ankamwalira iye anali wamng'ono, ndipo nkhani ya kachasu kubanja kwawo sankaikamba. Achinyamata otsogolera sewero nawonso ndi a dzana, sankadziwa kanthu. Anangoona kuti Ida ndi wamfupi, wa mawu okweza, n'kumupatsa malo a mayi wotcheza kachasu. Pokonzekera ankavala zovala wamba, ndipo a Ellard ankamukoka mwana wawoyo osanena kanthu. Tsiku lenileni litayandikira anamuuza kuti apeze chitenje chakale, chooneka kuti chinaona moto. Ida anapita kwa mayi ake, n'kutsegula sutikesi ya zovala zakale, n'kutenga chimene chinamuoneka choyenera.

Lamulungu limenelo kunatentha koopsa. Ine ndinaima pamalo anga a masiku onse, chakumpanda, nditafunda mpango. A Namakhwa, atakalamba tsopano, anawakweza pampando paja anyamata awiri. Sewero linayenda monga mwa nthawi zonse. Wakuba anakokedwa, bwana wakatangale anayesa kumuhonga Satana anthu n'kufa nacho chiseko, mayi wopemphera analowa kumwamba kwaya ikuimba. Kenako anatulukira Ida, botolo lili m'manja, akudzandira mwadala. Chitenje chimene anavala ndinachizindikira pomwepo. Buluu uja anali atasuluka, koma nkhanga zachikasu zinalipo, ndipo cham'munsi, pafupi ndi akakolo, panali chigamba changa chobiriwira.

A Namakhwa anawerenga milandu ya mayiyo ndi mawu onjenjemera, n'kutambasula dzanja kuloza kumanzere. Ng'oma inalira. A Ellard anatumphuka muutsi muja foloko ili m'mwamba, ana n'kukuwa, ndipo anathamanga mpaka pamene panagwada Ida. Anatambasula dzanja kuti amugwire, n'kuima.

Anaima choncho, dzanja lili m'malere, akuyang'ana pansi. Ida, posadziwa kanthu, anapitiriza kukuwa monga anaphunzirira, "Ndikhululukireni, musandipititse kumoto!" Atakuwa kachiwiri anaona kuti palibe akumukoka, ndipo ananong'ona, ife apafupi tikumva, "Bambo aakulu, ndikokenitu." Foloko ija inagwa pansi, ngwee! Wang'oma anasiya. A Namakhwa anali chilozere kumanzere, ndipo anabwereza mokweza kuti, "Mutengeni apite kumoto wosatha!"

A Ellard anagwada pafupi ndi Ida, n'kugwira nsonga ya chitenje ija ndi manja awiri. Kenako anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka okhakhala, osweka, okwera pamene nyimbo imatsika. Anyamata ena kumbuyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala yatsopano ya chaka chino, Satana woimba nyimbo ya maliro. Koma iwo anapitiriza, nyanga zili pamutu, misozi ikutsegula tinjira mumwaye uja. Anafika pamalo paja pamene ankalephera kuseri kwa mpanda, ndipo analepheranso. Anayambiranso.

Pa benchi la amayi a yunifolomu panali agogo ena amene ankaimba limodzi ndi Annie kale. Ndinawaona akutsamira kutsogolo, akutsinzinira kuti aone bwino chitenjecho, kenako anagwira pakamwa. Anati, "Mayo, ndi cha Annie!" Dzinalo linayenda pabenchi lonse. A Ellard atafikanso pamalo povuta paja, agogowo anaimirira n'kuilandira nyimboyo, kuikweza pamene imayenera kukwera. Mnzawo anaimirira, wina, winanso. Abale inu, sindinamvepo amayi akuimba choncho. Anali amayi omwe aja anaweramitsa mitu tsiku la maliro, ndipo nyimboyo inatuluka ngati inakhala pakhosi zaka zonsezo ikudikira. Kwaya ya kumwamba ija inalowa, ochimwa anatuluka ku Gehena makapu a thobwa ali m'manja, osadziwa chimene chikuchitika, nawonso n'kuyamba kuimba.

A Ellard anamudzutsa Ida, amene tsopano ankalira zenizeni, chifukwa wina anali atamunong'oneza mwini chitenjecho. Sanapite naye kumanzere, sanapitenso naye kumanja. Anatuluka naye pageti la tchalitchi, akuyenda pang'onopang'ono monga amayendera anthu pambuyo pa bokosi, ndipo amayi aja anatsatira. Tinadutsa pamsika, ogulitsa akuimirira, amuna akuvula zipewa poganiza kuti kukubwera maliro, kenako n'kuona munthu wa nyanga ndi mchira ali patsogolo. Tinatsika kanjira ka kuseri kwa chigayo mpaka pakhomo pawo, pamene bokosi lija linatulukira chete. Pamenepo anaima, ndipo amayi anaimaliza nyimboyo ndime zake zonse. Ine mawu ake si a chipembedzo changa, ndiye ndinaima kumbuyo ndikumuchitira mnzanga duwa, pemphero lathu, ndikulira ngati wamwalira dzulo.

A Namakhwa anatsala pampando paja pamwamba pa tebulo, poti anyamata owatsitsa anali atapita ndi gulu. Ena amati milomo yawo inkayenda, ena amati ankangotafuna mkwiyo. Ine sindinaone, ndiye sindinama.

Anthu atabalalika, a Ellard anakhala pakhonde atavula nyanga zija, n'kundifunsa kudzera pampanda kuti, "Mayi a Shukri, mukuganiza kuti wamva?" Ndinati, "Alamu, ngati sanamve ameneyo ndiye kuti wagontha, chifukwa anthu amva mpaka ku Soche." Anaseka pang'ono, koyamba pa nthawi yaitali.

Patapita masabata angapo anabwera pakhonde langa ku Limbe ndi jumbo. Ndinaganiza kuti ndi ovolosi ija, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuwauza kuti ndatopa nayo. Anakhala pa sitepe, n'kundiuza kuti akulu a mpingo anawaitana. Akuti anasokoneza msonkhano wa Mulungu, anachititsa mwambo wa maliro umene mpingo unakana, ndipo anaimbitsa nyimbo yopatulika atavala za Satana. Anawapempha kuti apepese pamaso pa mpingo, iwo anakana. Ndiye awadula.

Ndinaimirira makina n'kutsala akuzungulira okha. Ndinayamba kutukwana, Mulungu andikhululukire, moti mwini sitolo anasuzumira pakhomo. Ndinati ndipita ndekha kwa a Namakhwa, ndikawauze zimene sanamvepo chibadwire. Ndinati munthu mwawatumikira kuyambira muli mnyamata, mwakoka anthu mpaka msana kupindika, lero akuthokozeni chonchi? Ndinati nanga mukafa mawa, alamu, akuimbirani ndani?

"Khalani pansi, mayi a Shukri," anatero. Nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wagona tulo tabwino. "Kalasi ya obwerera andiuza kuti ndiyambe, koma sindiyamba. Mukudziwa chimene chinkandisowetsa mtendere zaka zonsezi? N'chakuti ine ndidzafa ndili mumpingo, adzandiimbira, adzandiloza kumanja, ndipo Annie ali kwina. Paipi ndinapanga ndine, koma ine kumanja, iye kumanzere. Tsopano atiika mzere umodzi. Ngati a Namakhwa akunena zoona, ndikamupeza. Ngati mukunena zoona ndinu, kuti chifundo n'chachikulu, ndiyenso ndikamupeza."

Anatsegula jumbo lija. Munalibe ovolosi, munali chitenje cha nkhanga zachikasu, chimene Ida anawabweretsera atachichapa n'kuchisita. Anachitambasula pa makina anga, n'kuloza cham'munsi, pamene ulusi wa chigamba chobiriwira unayamba kumasuka mbali imodzi.

"Apa pokha," anatero. "Musasinthe chigambacho, mungobwerezamo. Annie akachiona achizindikire."